Zimene manambala sanaone pa ntchito ya a Weissman ndi mayi Karikó

Mu Ogasiti 2005, magazini ya akatswiri yotchedwa Immunity inasindikiza pepala la masamba 11 lochokera ku University of Pennsylvania, mumzinda wa Philadelphia ku America. Olemba anali anayi. Dzina loyamba linali la mayi Katalin Karikó, lomaliza linali la a Drew Weissman, dokotala komanso katswiri wofufuza za chitetezo cha m'thupi. Pepalali lisanafike ku Immunity linali litakanidwa kale ndi magazini otchuka a Nature ndi Science. A Weissman amakonda kusimba kuti litatsala pang'ono kutuluka anauza mnzawoyo kuti akonzeke, poti mafoni awo ayamba kulira osalekeza. Anadikira, koma panalibe amene anaimba.

Pa 2 Okutobala 2023, patadutsa zaka 18, komiti ya ku Stockholm inalengeza kuti awiriwa apata mphoto ya Nobel ya zachipatala, ndipo pepala limene komitiyo inaika patsogolo linali lomwe lija. Katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi BioNTech, komanso wa Moderna, anachokera pa zimene zinalembedwa m'masamba 11 amenewo.

Nkhaniyi ndaibweretsa chifukwa cha chizolowezi chimene chakula pakati pathu. Masiku ano sipatenga nthawi osamva kuti kwatuluka mndandanda wa asayansi apamwamba, wakuti ali pa nambala yakuti mu Africa muno, wakuti walowa m'gulu la 2 peresenti ya otchulidwa kwambiri padziko lonse. Timatumizirana pa WhatsApp, timaomba m'manja, ndipo palibe cholakwika kunyadira ana athu. Koma manambala omwewo alowanso m'zipinda momwe mumagamulidwa za amene akwezedwe pantchito, amene apatsidwe ndalama za kafukufuku, ndi amene auzidwe kuti akayese kwina. Apo ndiye ndikutsutsa. Chiwerengero cha mapepala ndi cha kutchulidwa chimatiuza za ntchito imene dziko linavomereza kale. Pa ntchito imene ikufunika kutetezedwa lero chimangokhala chete, ndipo nthawi zina chimanama kumene.

Ndakhala zaka zambiri ndikugwira ntchito mu laibulale ya sukulu ina ya ukachenjede, ndipo nyengo yofunsira kukwezedwa ndimaidziwira pa mzere wa aphunzitsi. Amabwera ndi mafulashi awo, nkhope zili zakugwa. "Achikulire, tandionereni, magazini iyi ili m'kaundula wa Scopus?" Wina akuti, "Nanga h-index yangayi, bwanji Google Scholar ikuti 6 pamene uku akuti 4? Ndilembe iti pafomu?" Funso loti pepalalo linapeza chiyani ndimalimva mwa apo ndi apo. Sindikuwaimba mlandu. Akuyankha zimene fomu yawafunsa.

Kwa amene sali m'gululi, zimayenda chonchi. Wofufuza akamaliza ntchito yake amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Akonzi amalipereka kwa anthu awiri kapena atatu odziwa nkhaniyo kuti alisanthule, ndipo likadutsa limasindikizidwa. Kumapeto kwa pepala lililonse kumakhala mndandanda wa mapepala a anthu ena amene wolembayo watsamirapo. Pepala lako likapezeka pamndandanda wa mnzako, ndiye kuti watchulidwa kamodzi. A Eugene Garfield, a ku Philadelphia komweko, ndiwo anayamba kusonkhanitsa mindandanda imeneyi, ndipo mu 1964 anatulutsa Science Citation Index. Chinali chida chothandiza munthu kutsatira ganizo, kuona amene analitenga n'kulipititsa patsogolo. Kunena zoona chinali chida cha ife a mu laibulale. Mabwana atachiona anazindikira kuti angathe kuyezera nacho anthu, ndipo sanachibwezenso.

Mu 2005, chaka chomwe chija cha pepala la mu Immunity, a Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego, anabwera ndi nambala imodzi yoti iziimira ntchito yonse ya munthu. Ngati uli ndi mapepala 10 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 10, h-index yako ndi 10. Kuti ifike 11 uyenera kukhala ndi mapepala 11 otchulidwa ka 11 lililonse. Tsono taonani ichi: ukhale ndi pepala limodzi lotchulidwa ka 5,000, pepala loti lasintha chipatala padziko lonse, koma ena ako onse palibe wawatchula, h-index yako ndi 1. Mnzako wolemba timapepala 20 topanda kanthu, tongotchulana tokhatokha, akhala pamwamba pako kutalitali.

Mayi Karikó anabadwa mu 1955 ku Hungary, bambo awo anali ogulitsa nyama. Anaphunzira ku Szeged, ndipo mu 1985, labotale yawo itasowa ndalama, anasamukira ku America ndi amuna awo ndi kamwana kakakazi ka zaka ziwiri. Ndalama zimene anapeza atagulitsa galimoto anazisokerera m'kati mwa chidole cha mwanayo, poti boma la kwawo silinkalola kutuluka ndi ndalama zambiri. Analowa ntchito ku University of Pennsylvania mu 1989 ali ndi ganizo limodzi m'mutu. Selo lililonse la m'thupi limasunga malangizo ake mu DNA. Likafuna kupanga puloteni inayake limakopera malangizo ofunikawo m'kachingwe kotchedwa mRNA, kamene kamapita nawo kumalo opangira mapuloteni. Mayiwa ankati, bwanji tipange mRNA mu labotale, tiilowetse m'thupi, thupilo lidzipangire lokha puloteni imene wodwala akusowa? Opereka ndalama za kafukufuku ankangowakana. Mu 1995 yunivesite inawatsitsa paudindo n'kuwachotsa panjira yopita ku upulofesa. Munthu wina akanalongedza n'kusintha mutu wa kafukufuku. Iwo anavomera malipiro otsika n'kupitiriza.

A Weissman anafika pa yunivesiteyi mu 1997 kuchokera ku National Institutes of Health, komwe ankagwira ntchito mu labotale ya a Anthony Fauci. Ankafuna kupanga katemera wa HIV. Awiriwa anadziwana pa makina a fotokope, aliyense akudikira kukopera mapepala a m'magazini, monga zinkakhalira intaneti isanatilande makasitomala. Mayi Karikó anawauza kuti mRNA iliyonse imene angafune atha kuwapangira.

Vuto linabuka nthawi yomweyo. A Weissman ankagwira ntchito ndi maselo a dendritic, amene amatola chachilendo chilichonse cholowa m'thupi n'kukachionetsa kwa asilikali a m'thupi kuti ayambe nkhondo. Akathira mRNA yopangidwa mu labotale pa maselo amenewa, maselowo ankalusa, n'kutulutsa zinthu zoyambitsa kutupa. Mbewa zobayidwa mRNA imeneyi zinkadwala, ubweya kuimirira, kusiya kudya. Mankhwala odwalitsa munthu sangapite patali, ndipo ofufuza ambiri anali atazitaya kale pa chifukwa chomwechi. Awiriwa anatha zaka akufunsa funso limodzi lokha: thupi lathu ladzaza ndi RNA yakeyake, nanga bwanji sililimbana nayo, koma likulimbana ndi iyi yathuyi?

Yankho linachokera pa mbali ya kafukufuku imene ambiri saiyang'ana kawiri, ija amangoiikapo kuti ayerekezere. Anayesa mitundu yosiyanasiyana ya RNA pa maselo aja. Ya mabakiteriya inkawalusitsa kwambiri. Koma mtundu wina wa m'maselo a nyama zoyamwitsa wotchedwa tRNA sunkawautsa n'komwe. Mayi Karikó ankadziwa kuti tRNA ili ndi zilembo zambiri zimene thupi linazisintha pang'ono. RNA imalembedwa ndi zilembo zinayi, A, U, G ndi C. Anayamba kupanga mRNA yokhala ndi zilembo zosinthidwa, chimodzichimodzi, n'kumaona zotsatira. Atasintha chilembo cha U, mwachitsanzo kuikapo china chofanana nacho chotchedwa pseudouridine, maselo a dendritic anangokhala phee. Mu 2008 anaonetsanso kuti mRNA yosinthidwa motere imapangitsa selo kutulutsa puloteni yochuluka kuposa yosasinthidwa. Kusintha kwa chilembo chimodzi n'kumene akonzi a magazini akuluakulu anaona ngati nkhani yaing'ono.

Kuti inali yaikulu bwanji tinadzaona mu 2020 ndi 2021. Katemera wa Pfizer ndi BioNTech, woyesedwa pa anthu oposa 40,000, anateteza ndi 95 peresenti. Wa Moderna anateteza ndi 94 peresenti. Onsewa anagwiritsa ntchito U wosinthidwa. Kampani ya ku Germany ya CureVac inapanga wake ndi mRNA yosasinthidwa, ndipo anateteza ndi 48 peresenti yokha. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo mlingo wochepa umene ankabaya ndiponso kuti kachilomboko kanali katasintha mitundu, koma katemerayo sanafike pamsika.

Tisanamizane, manambala salakwa nthawi zonse. M'zaka zomwezo ku Osaka University ku Japan kunali a Shizuo Akira, amene gulu lawo linkaweta mbewa zochotsedwa jini imodzi, kenako ina, kenako ina, pofuna kuona ntchito ya tizida ta pamaselo totchedwa Toll-like receptors, timene timazindikira tizilombo tikangolowa m'thupi. Mu 2000 anaonetsa kuti kachida kotchedwa TLR9 kamazindikira DNA ya mabakiteriya, ndipo anathandizanso kuonetsa kuti TLR7 imazindikira RNA. Cha m'ma 2006 ndi 2007, kampani ya Thomson, imene inkasunga kaundula wa a Garfield uja, inawaika pamwamba pa asayansi onse padziko pa kuchuluka kwa mapepala atsopano otchulidwa kwambiri. Ulemu umenewo unali wowayenera. Tizida timene a Akira ankafufuza n'tomwe tinkalusitsa maselo a a Weissman, ndipo popanda ntchito ya anthu ngati iwowa pepala la mu 2005 silikanalembeka. Pamene mphoto ya Nobel ya 2011 inaperekedwa pa nkhani ya chitetezo cha m'thupi, inapita kwa a Bruce Beutler, a Jules Hoffmann ndi a Ralph Steinman, a Akira n'kutsala, poti mphotoyi sigawidwa kwa anthu oposa atatu. Choncho musandimve ngati ndikuti Nobel ndiye muyezo wosalakwa. Nayonso imasiya anthu panja.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti pa nthawi imodzimodziyo, pa nkhani imodzimodziyo, munthu wina anali pamwamba penipeni pa mndandanda, wina anali wotsitsidwa paudindo, wosadziwa ngati chaka chamawa akhala ndi benchi yogwirirapo ntchito. Katemera amene anadzabayidwa anthu mamiliyoni ankafuna ntchito ya onse awiri. Manambala anaona mmodzi.

Ndipo sizinachitike mwangozi. Kuti utchulidwe pamafunika munthu wina amene akulemba pepala pa nkhani yofanana ndi yako. Kumene a Akira ankafufuza kunali chinamtindi cha anthu, malabotale mazanamazana akuthamangitsana, lililonse likutulutsa mapepala ndipo lililonse likuyenera kutchula Osaka. Kumene kunali mayi Karikó kunalibe anthu, chifukwa onse anali atagamula kuti mRNA singakhale mankhwala. Akanawatchula ndani? Ntchito yotsutsana ndi zimene gulu likukhulupirira imayamba yopanda oitchula, ndipo ikakhala yatsopano kwambiri imakhalitsanso yokha. Amene anaiona anali owerengeka. A Derrick Rossi a ku Harvard anagwiritsa ntchito njira ya awiriwa pa kafukufuku amene anatuluka mu 2010, ndipo chaka chomwecho anathandiza kukhazikitsa kampani ya Moderna. A Uğur Şahin a ku BioNTech, ku Mainz, analemba ntchito mayi Karikó mu 2013. Anthu amenewa anachita kuwerenga pepalalo n'kulimvetsa. Chiwerengero cha olitchula chinadzakwera ngati moto mliri utabwera, pamene mayiwa sankasowanso wowateteza. Yunivesite imene inawatsitsa ija inadzapeza ndalama zankhaninkhani kuchokera pa umwini wa njirayi.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani imodzi yokha, yokoma kuisimba. Ayi, m'sayansi ya chitetezo cha m'thupi zoterezi zachitika kangapo. A Steinman ndatchula aja anapeza maselo a dendritic mu 1973 ku Rockefeller University, ndipo kwa zaka zambiri anzawo ankakayika ngati maselowo ali ndi ntchito yeniyeni. Anamwalira kutatsala masiku atatu kuti mphoto yawo ilengezedwe. M'zaka za m'ma 1980 ganizo loti pali asilikali ena a m'thupi amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuukira thupi lomwelo linanyozeka, ofufuza ambiri n'kulithawa. A Shimon Sakaguchi a ku Japan anakakamira, ndipo mu 1995 anawaonetsa maselowo. Mu 2001 mayi Mary Brunkow ndi a Fred Ramsdell, akugwira ntchito pa kampani ina kufupi ndi Seattle, anapeza jini yotchedwa Foxp3 imene inadzadziwika kuti ndiyo imalamulira maselo amenewa. Atatuwa analandira Nobel mu 2025. Pa nthawiyo mayi Brunkow sanali pulofesa wa mapepala mazanamazana. Ankayang'anira mapulogalamu a kafukufuku ku Institute for Systems Biology.

Mbali inayo ndi yoseketsa, ikanapanda kukhala yomvetsa chisoni. Mu 2014 magazini ya Nature inatulutsa mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri yonse. Loyamba linali la a Oliver Lowry la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni, lotchulidwa koposa ka 300,000. Ndi pepala lothandiza ndithu, koma la a Watson ndi a Crick la mu 1953, lofotokoza kapangidwe ka DNA, silinalowe n'komwe m'gulu la 100. Zimene aliyense wavomereza zimalowa m'mabuku a sukulu ndipo anthu amaleka kutchula mwini wake. Pepala la Andrew Wakefield la mu 1998, lija linanamizira katemera wa chikuku kuti amasokoneza ubongo wa ana, linachotsedwa ndi magazini ya The Lancet mu 2010, mwini wake n'kulandidwa chiphaso cha udokotala. Latchulidwa koposa ka 1,000. Ambiri amalitchula polidzudzula, koma kompyuta siisiyanitsa wokuyamikira ndi wokutsutsa, imangoonjezera nambala. Mu 2010 a Cyril Labbé a ku Grenoble, ku France, anapeka wasayansi wina n'kumutcha Ike Antkare, nauza kompyuta kuti imulembere mapepala oposa 100 opanda tanthauzo, otchulana okhaokha. Munthu wosakhalakoyo anapeza h-index ya 94 pa Google Scholar. Ndipo gulu la a John Ioannidis a ku Stanford, lomwe limatulutsa mndandanda wa 2 peresenti timaukonda uja, linapeza mu 2019 kuti asayansi osachepera 250 anali ndi kutchulidwa kumene theka lake ndi kupitirira kunachokera kwa iwo eni kapena anzawo olemba nawo limodzi.

Kwathu kuno muyezo umenewu umapweteka mwapadera. Ku Rumphi, kufupi ndi Vwaza, ndi ku Nkhotakota kuli matenda a kaodzera ofalitsidwa ndi kashembe. Kwa zaka zambiri odwala amene matendawa afika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha ena mwa odwalawo. Mapiritsi a fexinidazole anayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi china cha ku Uganda, ndipo kumapeto kwa 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti angagwiritsidwe ntchito pa mtundu wa kaodzera wa kuno. Mwana wathu amene angasankhe kufufuza momwe thupi limalimbanirana ndi kaodzera kapena likodzo adziwiretu kuti anzake olemba pa nkhani yomweyo padziko lonse ndi ochepa zedi powayerekeza ndi ofufuza za khansa kapena matenda a mtima. Ngakhale ntchito yake itakhala yakupsa bwanji, omutchula akhala ochepa. Mnzake amene dzina lake laikidwa pakati pa mayina 200 a pepala lalikulu la mayiko ambiri, mwina chifukwa chongotumiza magazi ku labotale ya kunja, adzamupitirira pa nambala chaka chimodzi chokha. Tikamakweza wachiwiriyu n'kusiya woyambayo, tikuuza achinyamata athu kuti matenda a kwawo awasiye.

Palinso ntchito imene imagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse popanda kutchulidwa. Mu 1989 a Malcolm Molyneux, mayi Terrie Taylor ndi anzawo a pa chipatala cha Queen Elizabeth anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, imene dziko lonse limaitcha Blantyre Coma Score. Dokotala kapena namwino wa usiku amayang'ana ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, amamvetsera kalilidwe kake, amamutsina pang'ono kuona ngati adziwa pamene pakupweteka, kenako amalemba nambala pakati pa 0 ndi 5 pafayilo. Akalemba 2 aliyense m'wodimo amadziwa kuti zinthu zavuta. Pepala lija ofufuza analitchula kwambiri, inde, koma namwinoyo sanatchule munthu, ndipo palibe kaundula wa Scopus amene adzamuwerengere.

Ndikudziwa zimene a m'makomiti angayankhe, ndipo yankho lawo si lopepuka. Adzati manambala amatiteteza ku kukondera. M'dziko laling'ono ngati lathu, momwe wofunsira udindo ndi mlamu wa wina, mnzake wa kutchalitchi wa wina, wochokera boma limodzi ndi wapampando, nambala ilibe mbale. Mukachotsa nambala mwatsegulira khomo chibale ndi kaduka. Adzatinso komiti ya anthu asanu singadziwe sayansi yonse, ndipo ilibe nthawi yowerenga mapepala a anthu 40. Adzaonjezera kuti si aliyense wosatchulidwa amene ali Karikó, ambiri satchulidwa chifukwa sanalembe chilichonse chaphindu. Zonsezi n'zoona, ndipo mfundo yomalizayi ndiivomereza ndi mtima wonse. Mayi Karikó sanali munthu wongokhala. Ankalemba, ankasindikiza, ndipo aliyense amene akanakhala pansi ndi mapepala awo akanaona funso lomveka likutsatidwa mwaukhondo chaka ndi chaka. Munthu amene watha zaka 10 pa yunivesite osalemba kanthu asabisale kumbuyo kwa nkhaniyi.

Koma yankho la kukondera si kusiya kuganiza. Ku okushoni ya fodya belo amaliika pasikelo ndithu, koma mtengo satchula asanalitsegule n'kugwira tsamba, chifukwa anaphunzira kalekale kuti m'kati mwa belo lolemera mutha kukhala zinyalala. Nafenso nambala tiione, itithandize kudziwa ngati munthu akugwira ntchito, koma tisagamule tisanatsegule. Ndipo nambala nayo imakondera, kungoti imakondera mobisa. Imakondera wamkulu kuposa wamng'ono, chifukwa h-index siitsika, imangokwera ndi zaka ngakhale munthu atasiya kufufuza. Imakondera wa ku labotale yolemera. Imalanga mayi amene anaima zaka ziwiri akulera ana. Yabalanso msika wa magazini achinyengo, amene amasindikiza chilichonse bola ulipire, ndipo makalata awo okopa amadzaza ma imelo a aphunzitsi athu m'mawa uliwonse. Mnzathu wina wa mu laibulale, a Jeffrey Beall a ku Colorado, ankasunga mndandanda wa magazini oterewa mpaka anautseka mu 2017. Ndaonapo aphunzitsi achinyamata akutaya malipiro a mwezi wathunthu kumeneko, pofuna kuti mapepala akwane chiwerengero chimene fomu ikufuna.

Eni ake a sayansi anayamba kale kubwerera m'mbuyo. Mu Disembala 2012 akonzi a magazini ndi ofufuza anakumana ku San Francisco n'kugwirizana mfundo zimene zimadziwika ndi dzina loti DORA, zoti munthu asaweruzidwe potengera kutchuka kwa magazini imene wasindikizamo, koma potengera zimene zili m'pepalalo. Bungwe la Wellcome, lomwe limathandiza kafukufuku wambiri wa zaumoyo ku Blantyre, ndi limodzi mwa amene anasaina. Mu 2020 boma la China linauza mayunivesite ake kuti aleke kupereka ndalama kwa ofufuza pa pepala lililonse limene asindikiza. Zingakhale zachisoni kuti ife tigwiritsitse chida chimene amene anatibweretsera ayamba kuchikayikira.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama zambiri. Wofunsira udindo asankhe yekha ntchito zake zitatu zimene amazinyadira, alembe tsamba limodzi m'chilankhulo chomveka kufotokoza funso limene ankafunsa, zimene anapeza, mbali imene iye mwini anagwira, ndi chimene chinasintha chifukwa cha ntchitoyo, kaya ndi ganizo la ofufuza anzake, kaya ndi malangizo a Unduna wa Zaumoyo, kaya ndi kachitidwe ka m'wodi. Komiti iwerenge zitatuzo. Ngati palibe wodziwa nkhaniyo, itumize kwa akatswiri awiri a kunja kwa sukuluyo, osadziwana ndi wofunsirayo, ndipo malipoti awo asungidwe poti wodandaula angathe kuwaona. Kumeneko ndiye kutseka khomo la chibale. Wofufuza wachinyamata amene funso lake ndi lomveka apatsidwe kandalama kochepa koma kodalirika kwa zaka zingapo, osamufunsa chiwerengero cha mapepala miyezi 12 iliyonse.

Inunso anzanga atolankhani, mndandanda wina ukadzatuluka musadzangotiuza kuti pulofesa wathu ali pa nambala yanji mu Africa. Mukawapeze ku ofesi kwawo, mukawafunse zimene anapeza ndi amene zawathandiza, mudzatilembere zimenezo.